Mwezi wa Pakhoma ndi Mwezi wa Kumwamba

Monire mose. Ndilankhula Chichewa chifukwa pa mabenchi awa ndikuona anzathu a ku Dedza ndi ku Zomba amene amagulitsa nafe pano pa Mhuju. Chichewa changa n'cha kusukulu, ndipo sukulu ndinalekera Sitandade 6. Pamene chapindika muwongole nokha.

A wapampando andipempha kuti ndinene mawu musanagwirizane zogula makina amene mwaonetsedwa m'mawa uja. Sindikuuzani kuti gulani, sindikuuzaninso kuti musagule. Ndikuuzani mmene ine ndinagwera ndi mmene ndikudzukira. Sindinamalize kudzuka.

Amene simundidziwa, ndine Msiska wa usipa. Amene mumandidziwa mukudziwanso dzina lina limene munandipatsa. Musaseke msanga, ndifikako.

Kwa zaka makumi atatu ndakhala ndikutenga usipa kunyanja ku Mlowe n'kubwera nawo kuno ku Henga. Ndinayamba ndi dengu limodzi pamwamba pa basi. Ndinafika pokhala ndi lole yangayanga, benchi pamsika pano, ndi amayi khumi ndi awiri ooda kwa ine kuchokera ku Phwezi mpaka ku boma. Sindinali wotchipa. Ndinali wodula kuposa aliyense. Koma usipa wanga munthu sankaununkhiza. Mayi akafika pa benchi langa ankangotambasula jumbo n'kunena kuti thirani. Unali usipa wouma dzulo, wowala ngati malata atsopano. Malonda anga onse anali pamenepo.

Zimene zinkachititsa zinali ziwiri. Choyamba mdima. Inu a kumtunda mwina simudziwa: usipa amaukola ndi nyali. Mwezi ukawala, nyali ya msodzi ilibe mphamvu, nsomba imamwazikana, mabwato amabwera opepuka. Mwezi ukafa, mabwato amadzaza. Ine ndinkatsika mdima ukakhwima, nsomba itangouma.

Chachiwiri NyaHarawa. Ndi mayi wamasiye wa ku Mlowe, ali ndi mathandala asanu ndi awiri oyanikira nsomba. Pakati pa iye ndi ine panalibe pepala. Panali kansalu kofiira, kong'ambidwa pa chitenje cha mkazi wanga. Nsomba ikauma, NyaHarawa ankamanga kansaluko pa thandala la nsomba yabwino kuposa onse. Wogula wina akaona kansalu ankadutsa osafunsa mtengo. Thandala limenelo linali la Msiska. Tinachita zimenezi zaka makumi awiri.

Kenako bondo langa linayamba kukana. Kutsika phiri la Chiweta mu lole n'kukweranso tsiku lomwelo kunkandigoneka masiku atatu. Ndinalemba dalaivala. Ndipo m'masiku omwewo, kumayambiriro kwa chaka, panabwera mkulu wina wa ku Lilongwe, dzina lake Kamwendo, wa malaya ositidwa bwino, atanyamula tabuleti. Anakhala pa benchi langa ngati mnzanga wakale.

Anati, "Bambo, makina awa amakuuzani tsiku lotumiza galimoto, matumba angati, opita kwa yani. Inu mungokhala pansi n'kupumitsa mwendowo."

Ndinamufunsa funso limodzi. "Amadziwa mwezi?"

"Mwezi, bambo?"

"Malonda anga amayenda ndi mwezi."

Anaseka mwaulemu. "Bambo, malonda onse m'Malawi muno amayenda ndi mwezi. Chimenecho ndiye chinthu choyamba chimene makina awa amadziwa."

Ine ndinakondwa, iye anakondwa, tinagwirana chanza. Mawu amenewo muwasunge.

Ndinene zoona za chifukwa chimene ndinagulira. Bondo linali chifukwa chonena pagulu. Chifukwa chenicheni chinali china. Kutchalitchi kwathu kuli aziphunzitsi, anamwino, ana a abusa, anthu amene agogo awo ankawerenga kale Chingerezi. Amandipatsa moni bwino, koma ndikakhala pafupi amasuntha pang'ono, chifukwa jekete langa limanunkha nsomba ngakhale litachapidwa kawiri. Ndinkafuna kuti andione ndili ndi chinthu chimene iwo alibe. Tabuleti ija ndinkapita nayo ku maliro. Ndinkapita nayo ku tchalitchi, m'chikwama chimodzi ndi Baibulo.

Makina analira koyamba pa 24. Lole inatsika, inabwera yodzaza, nsomba yowala. Mwezi wotsatira analiranso, chimodzimodzi. Wachitatu chimodzimodzi. Ndinati ayi, chinthuchi chimadziwadi mwezi. Ndinasiya kuyang'ana kumwamba. M'nyumba muli magetsi, ndimagona msanga, ndiyang'anirenji?

Kuyambira pamenepo zinatsetsereka mofulumira. NyaHarawa anayamba kuimba foni kufunsa kumene lole ili.

"Adada Msiska, somba zauma. Lole yili nkhu?"

"Makina sanalire."

"Makinawo ndiwo adye nsombayi?"

"Dikirani, mama. Alira."

Ankadikira, kansalu kali pa thandala, ogula ena akudutsa. Masiku anayi. Mwezi wina masiku asanu ndi limodzi. Kenako sabata yonse ndi kuposa. Usipa sudikira. Umafiira, umayamba kuwawa, mitu imathothoka, pansi pa thumba pamadzaza fumbi. Lole ikafika nsomba yanga itakalamba, mabwato akubwera opanda kanthu, dalaivala ankadzazitsa ndi zotsala za anthu ena. Ine ndinanamizira mphepo ya mwera. Mwera utatha ndinanamizira dalaivala. Kenako ndinayamba kunena kuti NyaHarawa wakalamba, sayanikanso bwino.

Mufunsa kuti munthu wa zaka makumi atatu pa usipa, mwezi sunkauona? Ndinkauona. Tsiku lina ndikutseka benchi, mwezi unatuluka pamwamba pa phiri wathunthu ngati lichero, ndipo lole inali itatsika m'mawa womwewo. Mtima unandiuza kuti kulibe nsomba uko. Koma ndinadziyankha kuti makina amaona zimene ine sindiona. Kamwendo anati amaphunzira okha. Komanso ndinali nditadzitama pa maliro onse a m'Henga muno. Ndikanabwerera bwanji?

Mkazi wanga NyaKaluwa amandiitana ndi dzina la mwana wathu woyamba. Tsiku lomwelo anati, "Awiske Tiwonge, mwayang'ana kumwamba?"

Ndinati, "Unagula ndiwe makinawo?"

Sanafunsenso.

Pamsika pano mayi wina, amene wagula kwa ine kuyambira ali mtsikana, anatola usipa pa benchi langa n'kuupititsa kumphuno. Anaubweza n'kupukuta zala pa chitenje. Ndikanakonda akananditukwana. Ndipo chifukwa nsomba yanga inkafika kumapeto kwa mwezi, ili yakale, munandipatsa dzina lija. A Mwezi Watha. Sekani tsopano, ndalola. Amene analiyambitsa ali mkati muno ndipo ndikumudziwa. Anali ndi nzeru.

Amayi ooda aja anachoka mmodzimmodzi. Chaka chisanathe, dalaivala anabwera ndi matumba atatu okha mu lole yonse. Anatsika n'kundipatsa kajumbo ka shuga. Mkati munali kansalu kofiira, kochapidwa, kopindidwa bwino.

Anati, "NyaHarawa akuti yewo chomene, zikomo kwambiri, pa zaka zonsezi. Akuti ana awo sadya kansalu."

Thandala langa linapita kwa wogula wina wa ku Mzuzu.

Ine ndinali ndisanalawe mowa kuyambira tsiku la ukwati wanga. Sabata imeneyo ndinapita kuseri kwa chigayo, kumene mukudziwa. Sindinayambe pang'onopang'ono ayi. Ndinayamba ndi kachasu, m'mawa, m'mimba mulibe kanthu. Dalaivala anapita kwawo. Benchi linatsekedwa. Lole inaima pabwalo mpaka nkhuku zinayamba kuikira pansi pake, udzu n'kumera m'matayala. Tsiku lina la msika, dzuwa lili pamutu, ndinagwera mu ngalande ija ya pafupi ndi pokwerera minibasi. Anthu amene ndinkawagulitsa nsomba anandinyamula pa wilibala kupita nane kunyumba, miyendo ikulendewera. Ena a inu munakankha nawo. Sindinakuthokozeni. Ndikuthokoza lero.

NyaKaluwa sanandikalipire. Anafunditsa madzi. Tabuleti ndinali nditaiponya m'kabati, koma iye ankaitchaja chifukwa ankamverapo nyimbo za kwaya. Ndiye tsiku lake likafika inkalira ndithu, kundiuza kuti nditumize lole yopanda dalaivala kukatenga nsomba imene sinalinso yanga.

Tsopano ndichepetse liwiro, chifukwa apa ndiye pamene pali nkhani.

Mutu unayamba kundipweteka kumbuyo kuno, maso akuchita mdima ndikaimirira. Mkazi wanga anandikokera ku chipatala. Mzere unali wautali. Nditalowa, namwino wake, mayi wa ku Dedza wosaseka wamba, anandikhazika pa mpando n'kuyamba kufunafuna chopimira magazi. Ine ndinalibe choyang'ana koma kalendala ya pakhoma, pafupi ndi phewa langa. Makalendala ndawaona moyo wanga wonse. Koma tsiku limenelo ndinaona timipira tating'ono m'makona a masiku ena. Kena kakuda, kena koyera, kena kakuda theka.

Ndinati, "Sisitala, timipira iti n'tachiyani?"

"Ndi mwezi umenewo, bambo. Pindani malaya."

"Mwezi si uwu walembedwa pamwambapa ndi zilembo zikuluzikulu?"

"Umenewo ndi wa malipiro. Timipirato ndi wa kumwamba. Kakuda ndiye kuti wafa, koyera wakhwima. Tambasulani dzanja."

Anandimanga lamba pa mkono n'kuyamba kupopa. Ine ndi dzanja linalo ndinakweza tsamba la kalendala. Ndinapeza kampira kakuda. Ndinakweza lina. Kampira kakuda kanali katasuntha, kabwerera m'mbuyo tsiku limodzi. Ndinakweza linanso. Kasunthanso.

"Bambo, musagwedezeke, mukundisokonezera."

"Sisitala, kampiraka kakuyenda."

"Kayende. Magazi anu akuthamanga kuposa kampirako."

Pa msomali womwewo, kuseri, panali kalendala ya chaka chapitacho, monga mmene timachitira tonse, yatsopano pamwamba pa yakale. Chimenecho chinali chaka cha makina anga. Ndinaipempha. Anaizula pa msomali.

"Tengani. Koma mowa musiye."

"Wakuuzani ndani?"

"Mpweya wanu."

Kunyumba ndinayala mphasa pakhonde. Ndinamasula masamba onse khumi ndi awiri n'kuwandandalika. Ndinauza NyaKaluwa kuti atulutse tabuleti, abweretsenso nyemba ndi chimanga m'mbale. Anaganiza kuti mutu wazungulira, koma anabweretsa. Mu tabuleti munali masiku onse amene lole inatsika. Iye ankawerenga, ine ndikuika nyemba pa tsikulo. Anati 24. Ndinaika. Anati 24. Ndinaika. Pa lachinayi anasiya kuwerenga n'kundiyang'ana.

"Onse ndi 24, awiske Tiwonge."

Ine sindinali nditazindikira. Munthu wa usipa sasunga madeti. Makina akalira ndinkangoti alira.

Kenako ndinaika njere ya chimanga pa kampira kakuda ka tsamba lililonse. Pa tsamba loyamba nyemba ndi chimanga zinali pafupi, chimanga chitatsogola ndi masiku awiri. Ndiye kuti 24 linali tsiku lenileni limene ine mwini ndikanatsika. Tsamba lachiwiri ndi lachitatu zinali zikadali pafupi. Kuyambira pamenepo chimanga chinayamba kuthawa, tsamba lililonse pang'ono, nyemba ili pomwepo. Pa tsamba lomaliza nyemba inakhala pafupi ndi kampira koyera.

Ndinakhala pa mphasa paja mpaka miyendo inachita dzanzi. Mukhoza kuganiza kuti ndinakwiya. Ayi. Ndinadabwa. Zaka makumi atatu ndikudya za mwezi, osadziwa kuti wa kumwamba ndi wamfupi kuposa wa pakhoma, kuti umautsogolera pang'onopang'ono ngati munthu wa miyendo yaitali poyenda ndi mnzake. Ndinkafuna kudziwa kuti zimakumananso liti. Ndinatenga kalendala ya m'nyumba, ndinapitiriza kuika chimanga. Ndinafunsa mkazi wanga ngati anaphunzira zimenezi kusukulu. Anati anaphunzira poyanika ufa.

Ndipo miyezi itatu yoyamba ija, imene ndinati makina amadziwa, inali mwayi chabe. Kamwendo akanabwera nthawi ina, lole yoyamba ikanabwera yopanda kanthu, ndipo ndikanamubwezera chinthu chake sabata yomweyo. Chinandipha ndi chakuti chinayamba bwino.

Tsiku limenelo sindinapite kuseri kwa chigayo. Si kuti ndinalapa. Ndinaiwala.

M'mawa mwake ndinaimbira Kamwendo.

"Kamwendo, ndine Msiska wa ku Mhuju. Ndinakuuza kuti malonda anga amayenda ndi chiyani?"

"Ndi mwezi, bambo. Ndikukumbuka bwino."

"Uti?"

"Uti bwanji, bambo?"

"Wa pakhoma kapena wa kumwamba?"

Ndinamva akukoka mpando. Ndinamufotokozera za nyali ndi mdima. Munthuyo anabadwira m'tauni, usipa amaudziwa m'mbale. Anati, "Mayo ine, bambo," kawiri. Kenako ndinamufunsa funso limene ndinayenera kufunsa tsiku loyamba: makina awa anawapangira ndani, ndipo amadikira chiyani?

Anandiuza mosabisa. Anawapangira masitolo a shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Katundu wotero amakhala m'nyumba yosungira, akudikira. Amene amasowa ndi wogula, ndipo wogula amaoneka akalandira malipiro kumapeto kwa mwezi. Ndiye makina amatumiza galimoto pa 24 kuti mashelefu akhale odzaza anthu a boma akalandira. Pa sopo ndi nzeru yabwino. Sopo safiira.

Koma kwa ine zinthu n'zotembenuka. Wogula usipa alipo tsiku lililonse, alandire asalandire. Chimene chimasowa ndi nsomba. Makina a Kamwendo ankayang'ana kumsika, pamene malonda anga amayang'ana kunyanja. Ndinagula galu wabwino n'kumumangirira kukhomo lolakwika.

Kamwendo anati, "Bambo, ine sindinakufunseni bwino."

Ndinati, "Inenso sindinakufunse. Ndinkathamangira kukaonetsa anthu."

Anati tsiku lija likhoza kuchotsedwa, makina n'kumadikira uthenga wochokera ku Mlowe m'malo mwa deti. Ndinati zimenezo tikamba, koma uthengawo atumize ndani? Munthu wake ndinali nditamutaya.

Ndinayang'ana kampira kakuda kotsatira. Tsiku lachiwiri la mdima ndinakwera minibasi, kansalu kali m'thumba la jekete. Bondo linandikumbutsa makhota onse a Chiweta. Ndinafika ku Mlowe dzuwa litakwera kale, mathandala onse ali mbuu. NyaHarawa anali akutembenuza nsomba ndi kamtengo. Anandiona ndili patali, koma sanasiye.

"Monire, mama."

"Yewo, adada. Makina alira lero?"

"Ndabwera ndekha."

"Ndikuona. Mwaonda. Kumtunda kulibe ndiwo?"

Amayi a mathandala oyandikana anaseka. Ndinaima pomwepo. Ndinamufotokozera za timipira, za nyemba ndi chimanga, za sopo. Ndinkaganiza kuti adabwa ngati mmene ndinadabwira ine. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye mwabwera kudzandiuza kuti mwezi umafa?"

"Ndabwera kudzakuuzani chimene chinalakwika."

"Ndinakuimbirani kangati, adada Msiska?"

"Kambiri."

"Kasanu ndi kanayi. Ndinkakwera pa chulu paja kuti netiweki igwire. Foni imeneyo sinali makina?"

Ndinali ndi makina awiri. Ena ankandiuza zimene zili pa thandala, kuchokera pakamwa pa munthu amene waimirira pa thandalapo. Ena ankandiuza tsiku la malipiro a anthu a ku Lilongwe. Ndinamvera odulawo.

Ndinavula chipewa. Ine sindivulira chipewa munthu wamba. Ndinati, "Phepani, mama. Ndinakutayitsani nsomba ndi ogula. Ndinanenanso kwa anthu kuti simuyanika bwino. Linali bodza."

"Zimenezonso zinandifika."

Ndinatulutsa kansalu. Anakayang'ana osakalandira.

"Thandala loyamba lili ndi mwini wake. Wa ku Mzuzu uja ndikamuimbira m'mawa, masana ali pano. Sindingamuchotse chifukwa chakuti inu mwaona timipira."

"Sindinapemphe loyamba."

Anaika kamtengo pansi, n'kutenga kansalu. Anadutsa thandala loyamba. Anadutsa lachiwiri, lachitatu. Ine ndikutsatira m'mbuyo ndikutsimphina, amayi onse akuonerera. Anakaima pa lachisanu ndi chiwiri, la kumapeto, limene mthunzi wa mtengo wa mango umalifika msanga, la nsomba zing'onozing'ono. Anamanga pamenepo.

"Ndikaitana mukafika, midima iwiri yotsatizana, kasuntha thandala limodzi. Mukaphonya kamodzi, kabwerera kuno. Mukabwera mukununkha zimene ndamva, kapita m'madzi."

Ndinati, "Yewo."

Tsiku limenelo ndinakwera ndi matumba awiri pamwamba pa minibasi, ngati mmene ndinayambira ndili mnyamata.

Zimene ndinachita pambuyo pake n'zosavuta kunena. Za mowa, ndinasintha njira. Kuchokera kunyumba kubwera kumsika ndimazungulira ku sukulu kuti ndisadutse pa chigayo, ngakhale bondo limadandaula. Ndinagwa kawiri. Kachiwiriko NyaKaluwa anangoika kalendala pa mbale yanga m'malo mwa chakudya, chala chili pa kampira kakuda. Kuyambira pamenepo sindinalawe. Mapiritsi a magazi ndimamwa.

Kamwendo ndinamuuza kuti asakhudze makina asanaone thandala. Anabwera, tinatsika limodzi, nsapato zake zinadzaza mchenga. NyaHarawa anamugwiritsa kamtengo n'kumutembenuzitsa nsomba. Pobwerera ndinamuuza kuti anene malonda anga ndi pakamwa pake. Anati mumagulitsa usipa. Ndinati ayi, bwereza. Anati mumagulitsa usipa wabwino. Ndinati aliyense amatero, bwereza. Tili pakati pa phiri anati, "Mumagulitsa kufika msanga." Ndinati tsopano ukhoza kukhudza.

Anachotsa 24 uja. Lole inadzukanso, ndipo lero zimayenda chonchi. NyaHarawa amatumiza liwu limodzi pa kafoni kake ka mabatani: somba. Likafika, tabuleti imauza amayi onse ooda kuti nsomba ifika mkuja, aliyense n'kuyankha ndowa zimene akufuna. Lole imatsika ikudziwa kale kuti thumba ili n'la ku Phwezi, ili n'la ku boma, ndipo pokwera imatsitsa m'njira. Nsomba sigona kwanga. Pa ntchito imeneyo makina ndi abwino kuposa mutu wanga, ndikuvomera. Zina zonse zimene ali nazo, zojambula za mizere yokwera ndi yotsika, ndinati azitseke. Sizindithandiza kufika msanga. Kalendala ya timipira ili pakhoma, kuti ndidziwe sabata yokonzekera mafuta ndi matayala. Koma kalendala sinyamutsa lole. Imanyamutsa ndi NyaHarawa, chifukwa kampira kakuda sikadziwa za mwera kapena mvula. Ndipo ndimatsika nawo ndekha, bondo lilire.

Amayi ooda anabwerera asanu ndi awiri. Enawo anapeza kwina, sindiwadandaula.

Tsono inu amene mwaonetsedwa makina m'mawa uja. Mkulu amene wabwera nawo ndamuona, akuoneka munthu wabwino. Kamwendo nayenso anali munthu wabwino. Musanamufunse mtengo, dzifunseni nokha chifukwa chimene anthu amadutsira mabenchi ena n'kuima pa lanu. Inu a tomato si chimodzimodzi ndi inu a simenti. Wa simenti katundu wake amadikira, wa tomato katundu wake amathamanga. Mukagula chinthu chimodzi nonse chifukwa choti n'chotchipa pagulu, wina mwa inu adzakwera wilibala. Mumufunse kuti makinawo anawapangira malonda otani, ndipo amadikira chiyani kuti alire. Akakuyankhani ndi mawu anu omwe, musakondwe msanga. Mumuuze alozere ndi chala chimene akutanthauza. Ine ndi Kamwendo tinanena liwu limodzi, la chinenero chimodzi, tikumwetulirana, wina akuloza khoma wina akuloza kumwamba. Ndipo zikayamba bwino musasiye njira yakale msanga. Miyezi itatu si umboni. Munthu amene waima pamene katundu wanu amachokera akakuimbirani, makina akanena zina, mverani munthuyo, kenako mukafunse makinawo chifukwa chake.

Dzina lija mukhoza kupitiriza kundiitana. Ndinaligula ndekha.

Kansalu kali pa thandala lachitatu. Loyamba mwina sindidzalionanso, wa ku Mzuzu uja saphonya. Koma lachiwiri latsala ndi mdima umodzi. Pamene mkulu uja amationetsa zithunzi zake, chikwama changa chinalira, ena munatembenuka. Linali liwu limodzi lija. A wapampando, mundikhululukire, zokambirana zotsalazo muchite popanda ine. Ndikukathira mafuta.

Yewo chomene.